Mbusa Kirkland ndi a Seneca: adamupulumutsa, koma mudzi wawo udapsa

Mu Febuluwale 1765, mnyamata wachizungu wa zaka 23 adalowa m'mudzi wa Kanadesaga ali wefuwefu, atayenda masiku 23 pachipale chofewa. Dzina lake lidali Samuel Kirkland. Adapita kukalalikira mawu a Mulungu kwa anthu a mtundu wa Seneca, eni nthaka ya dera lomwe lero ndi kumadzulo kwa chigawo cha New York m'dziko la America.

Eni mudzi adamulandira ndi manja awiri n'kumupatsa banja. Anthu ena atafuna kumupha pomuganizira kuti ndi mfiti, bwalo la akuluakulu lidamupulumutsa.

Patatha zaka 14, asilikali a America adatentha mudziwo ndi kulikha mitengo yake yazipatso. Mmodzi mwa abusa omwe ankayenda ndi gulu la asilikalilo adali Kirkland yemweyo.

Mbiri ya mkuluyu ikuonetsa momwe ntchito ya mishoni idakodwera mumkangano wa malo pakati pa boma la Britain ndi azungu omwe adakhazikitsa dziko la America, komanso chifukwa chomwe a Seneca adayamba kuyeza uthenga poyang'ana kaye makhalidwe a oubweretsa.

Alonda a khomo la kumadzulo

A Seneca ndi umodzi mwa mitundu isanu ndi umodzi yomwe idapanga chitaganya chotchedwa Haudenosaunee, kutanthauza anthu a nyumba yaitali. Azungu ankawatchula kuti Iroquois. Mitundu inayo ndi Mohawk, Oneida, Onondaga, Cayuga ndi Tuscarora.

Chitaganyachi ankachiyerekeza ndi nyumba imodzi yaitali, mtundu uliwonse uli ndi moto wake mkatimo. A Mohawk ankalonda khomo la kum'mawa pomwe a Seneca, omwe adali ochuluka kuposa onse, ankalonda la kumadzulo.

Anthuwa adali alimi a chimanga, nyemba ndi maungu, zomwe ankabzala m'munda umodzi monga achitira alimi ambiri m'Malawi muno. Mtundu unkayendera kuchikazi. Mwamuna akakwatira ankakakhala kwa mkazi, ngati chikamwini, ndipo amayi akuluakulu a mbumba ndiwo ankasankha mafumu, ngakhalenso kuwavula ufumu akalakwa.

Pomwe Kirkland ankapita kumeneko, mabala a nkhondo adali asadapole. Britain itagonjetsa France ndi kutenga malinga ake, a Seneca ambiri adalowa nawo nkhondo yofuna kupitikitsa Angerezi, yomwe imadziwika ndi dzina la mtsogoleri wina, Pontiac. Mu Sepitembala 1763 adabisalira asilikali a Britain pamalo otchedwa Devil's Hole, kufupi ndi mathithi a Niagara, n'kuphapo oposa 70.

Mtendere udabwera mu 1764, koma udali wowawa. A Seneca adaumirizidwa kupereka malo a m'mbali mwa mtsinje wa Niagara ngati chindapusa. Choncho mzungu aliyense wolankhula Chingerezi ankamuyang'ana ndi diso lofiira.

Masiku 23 pachipale

Kirkland adabadwa mu 1741 ku Norwich m'dera la Connecticut. Adaphunzira pasukulu ya mbusa Eleazar Wheelock ku Lebanon, komwe ana a eni nthaka ankaphunzira limodzi ndi azungu ochepa. Kumeneko adapalana ubwenzi ndi mnyamata wachi-Mohawk, Joseph Brant, yemwe adadzakhala mtsogoleri wankhondo kumbali ya Britain.

Kumapeto kwa 1764 Kirkland adafika kwa Sir William Johnson, nthumwi ya mfumu ya Britain yoyang'anira za eni nthaka m'chigawo cha kumpoto. Popanda chilolezo cha mkuluyu sikukadatheka kulowa m'dziko la a Seneca. Johnson adamupatsa uthenga wopita kwa mafumu ndi lamba wa mikanda yopangidwa kuchokera ku zigoba za nkhono za m'nyanja. Kwa anthu a nyumba yaitali, mawu odza popanda lamba wotere adali ngati nkhambakamwa chabe.

Mu Januwale 1765 adanyamuka ndi amuna awiri achi-Seneca omwe ankamutsogolera. Ulendowo udali wa makilomita oposa 300, wapansi, m'nyengo yozizira kwambiri. Kumapazi ankavala zinsapato zophwatalala zolukidwa ndi zingwe zachikopa, zooneka ngati lichero, kuti asamire m'chipale. Adadzera kwa a Oneida ndi a Onondaga asadafike ku Kanadesaga, kufupi ndi pomwe lero pali tauni ya Geneva, kumpoto kwa nyanja ya Seneca.

Uthenga wa Johnson utamveka pabwalo, akuluakulu adagwirizana zomulandira. Mwa mwambo wawo adamulowetsa m'banja la mfumu yaikulu ya mudziwo, kotero kuti adapeza bambo, abale ndi alongo. Kenako adamupereka kwa munthu wina wodziwika ndi khalidwe labwino kuti azikhala m'nyumba mwake.

Patangopita masiku ochepa, mwini nyumbayo adamwalira mwadzidzidzi usiku.

Maliro otere sasowa woloza chala. Gulu lina lidati mlendoyo wabwera ndi mankhwala oipa. Ena adati imfayo ndi chilango chochokera kwa Mlengi chifukwa mudzi walandira munthu wa buku la azungu, ndipo mkwiyowo ungazime pokhapokha mlendoyo ataphedwa.

Bwalo lidakhala masiku angapo likumva mbali zonse. Malinga ndi zomwe Kirkland adalemba za ulendowu, namfedwa sadanene choipa chilichonse chokhudza mlendo wakeyo. Sayenqueraghta, mmodzi mwa atsogoleri omveka kwambiri a mtunduwo, adaima kumbali ya mnyamatayo mpaka bwalo lidagamula kuti alibe mlandu.

Atangopulumuka apo, kudagwa njala. Kirkland adalemba kuti adafika pogulitsa malaya ake kuti apeze timikate tinayi ta chimanga tootcha paphulusa. Masiku ena ankadya mbewu za mitengo ya m'tchire zokazinga m'mafuta a chimbalangondo, zomwe zidamudwalitsa m'mimba. Banja lomulandiralo linkagawana naye chilichonse chomwe lapeza, ndipo mbale wake wa m'banjamo, Tekanada, adamuperekeza pabwato lakhungwa kukafuna chakudya kwa Johnson.

Adakhala pakati pa a Seneca pafupifupi chaka ndi theka. Adaphunzira chilankhulo chawo, koma adachoka mu 1766 asadakhazikitse mpingo. Chaka chomwecho adadzozedwa ubusa n'kukayamba ntchito kwa a Oneida, komwe adatumikira zaka pafupifupi 40.

Nyumba yaitali ing'ambika

M'zaka zotsatira ubale wa boma la Britain ndi azungu a m'madera ake 13 a ku America udayamba kusokonekera. Kupatula misonkho, nkhani ina yomwe inkawawa azunguwo idali ya malo. Mu 1763 mfumu ya Britain idalamula kuti asamakakhazikike kumadzulo kwa mapiri a Appalachian, koma ambiri ankaona lamulolo ngati mpanda wowatsekereza chuma.

Amishoni sadathe kuima pambali. Banja la Johnson lidali la mpingo wa Anglican komanso lokhulupirika kwa mfumu, pomwe Kirkland adali wochokera ku New England, kuchimake kwa kuukira. Sir William atamwalira mu 1774, mpando wake udapita kwa mkamwini wake, Guy Johnson, yemwe ankaona Kirkland ngati kazitape wa oukira. Mu 1775 adayesa kumuletsa kubwerera ku mpingo wake.

Kukayikira kwa Guy Johnson kudali ndi pogwira. Kirkland ankafotokozera a Oneida zomwe atsogoleri a oukira ankakambirana kumsonkhano wawo wotchedwa Congress, ndipo msonkhanowo udayamba kumupatsa ndalama kuti athandize kukopa mitundu isanu ndi umodziyo.

Poyamba chitaganya chidati nkhondoyo ndi mkangano wa bambo ndi mwana wake, choncho sichilowererapo. Koma mbali zonse ziwiri zidalimbikira kunyengerera. Mu 1777, pamsonkhano wina pomwe Angerezi adagawa mphatso zambiri, a Seneca adavomera kumenya nkhondo kumbali ya Britain, monga adachitira a Mohawk ambiri, a Cayuga ndi a Onondaga ena. A Oneida ndi a Tuscarora ambiri, omwe ankamvera Kirkland, adapita kumbali ya America.

Pa 6 Ogasiti 1777, pamalo otchedwa Oriskany, abale a nyumba imodzi adaphana okhaokha. Mmodzi mwa otsogolera ankhondo achi-Seneca tsikulo adali Sayenqueraghta, yemwe adateteza Kirkland pabwalo lija. Mbali inayo kudali a Oneida, nkhosa za mbusa yemweyo.

Mu 1778 a Seneca, a Mohawk ndi azungu okhulupirika kwa mfumu adathira nkhondo midzi ya azungu ku Wyoming ndi ku Cherry Valley. Ku Cherry Valley kudafa amayi ndi ana. Mkulu wa asilikali a America, George Washington, adalamula kuti midzi ya adaniwo isangogonjetsedwa, koma ifafanizidwe pamodzi ndi minda yomwe.

Ntchitoyo idaperekedwa kwa John Sullivan, yemwe mu 1779 adatsogolera asilikali oposa 4,000. Kirkland adali mmodzi mwa abusa a gululo.

Atapambana ku Newtown pa 29 Ogasiti, asilikaliwo sadakumanenso ndi nkhondo yaikulu. Ankapeza midzi anthu atathawa, chimanga chitacha m'minda. Mu Sepitembala adafika ku Kanadesaga, n'kutentha nyumba, kuononga minda ndi kudula mitengo ya maapozi ndi mapichesi.

Mulipoti lake, Sullivan adati adaononga midzi 40 ndi chimanga chomwe tikachiwerengera m'matumba a makilogalamu 50 chingakwane matumba pafupifupi 80,000.

Anthu pafupifupi 5,000 adathawira kulinga la Angerezi la Niagara. Nyengo yozizira ya chaka chimenecho idali yoopsa, chakudya chidali chochepa, ndipo ambiri adafa ndi njala, chisanu ndi matenda. Mu 1790 mfumu Cornplanter idauza Washington, yemwe panthawiyo adali pulezidenti, kuti a Seneca amamutchula Woononga Midzi, ndipo dzinalo likamveka amayi amachita mantha, ana n'kukakamira amayi awo.

Angerezi akakamira malinga

Nkhondo idatha ndi pangano la ku Paris mu 1783. Britain idapereka kwa America dera lonse la kumwera kwa nyanja zikuluzikulu, osatchulamo ngakhale liwu limodzi za eni nthaka omwe adaimenyera nkhondo. Paja njovu zikamamenyana umavutika ndi udzu.

Komabe Angerezi sadatuluke m'malinga a Niagara, Oswego, Detroit ndi ena, ngakhale kuti tsopano adali m'dziko la America. Ankati America sidabweze ngongole za amalonda awo komanso katundu yemwe adalandidwa kwa okhulupirika kwa mfumu. America inkati Britain ikufuna kusunga malonda a zikopa ndi kusonkhezera eni nthaka.

A Seneca ambiri adamanga midzi yatsopano ku Buffalo Creek, kufupi ndi malinga a Angerezi. Adali pakati pa moto uwiri: kumadzulo Angerezi omwe ankapereka mphatso ndi malonjezo, kum'mawa azungu a America omwe ankafuna malo.

Apa Kirkland adabwereranso kwa a Seneca, koma ulendo uno nkhani idali ya malo. Mu Julayi 1788 adali ku Buffalo Creek ngati woyang'anira zokambirana pomwe Oliver Phelps, m'malo mwa kampani yake ndi Nathaniel Gorham, adagula maekala oposa 2 miliyoni pamtengo wa madola 5,000 ndi madola 500 chaka chilichonse. Pambuyo pake mafumu adadandaula kuti iwo adamva zoti alandira madola 10,000. Nayenso Kirkland adapatsidwa maekala oposa 4,000 m'dziko la a Oneida.

Pa 4 Novembala 1791 mitundu ya eni nthaka a ku Ohio idagonjetsa asilikali a America otsogozedwa ndi Arthur St. Clair n'kupha oposa 600. Boma la Washington lidagwidwa nthumanzi poganiza kuti a Seneca akalowa nawo nkhondoyo, Angerezi akuwapatsa zida, malire onse ayaka moto.

Boma lidatuma Kirkland. M'nyengo yozizira adayendanso m'midzi ya a Seneca kukopa mafumu kuti akakumane ndi pulezidenti, zomwe sizidasangalatse Angerezi a ku Niagara. Mu Malichi 1792 adafika ku Philadelphia, likulu la dzikolo panthawiyo, ndi nthumwi pafupifupi 50. Washington adapatsa mmodzi mwa iwo, katswiri wolankhula pabwalo Red Jacket, mendulo yaikulu yasiliva. A Seneca sadalowe nkhondo ya ku Ohio.

Chaka cha 1794 zinthu zidafika pa mwana wakana phala. Bwanamkubwa wa Britain ku Canada, Lord Dorchester, adauza eni nthaka kuti nkhondo ndi America ili pafupi, ndipo Angerezi adamanga linga latsopano ku Ohio. Koma pa 20 Ogasiti, ankhondo a eni nthaka atagonja ku Fallen Timbers n'kuthawira kulingalo, Angerezi adawatsekera zipata.

A Seneca adaona okha kuti bwenzilo silodalirika. Pa 11 Novembala 1794 mitundu isanu ndi umodzi idasaina pangano la mtendere ndi America ku Canandaigua. Boma lidalonjeza kuti silidzawasokoneza pamalo awo, komanso kuti lizipereka katundu wa madola 4,500 chaka ndi chaka. Patangotha masiku asanu ndi atatu, ku London, Britain idavomera kutuluka m'malinga aja, ndipo idachoka ku Niagara mu 1796.

Angerezi atangochoka, a Seneca adatsala opanda poopsezera. Mu 1797, pamsonkhano wa ku Big Tree, adagulitsa pafupifupi malo onse otsala kumadzulo kwa mtsinje wa Genesee pamtengo wa madola 100,000, n'kutsala ndi timadera tochepa tomwazikana.

Yankho la Red Jacket

Umphawi ndi mowa zidasautsa midzi yotsalayo. Mu 1798 anyamata atatu a mpingo wa Quaker, Henry Simmons, Halliday Jackson ndi Joel Swayne, adafika ku Allegany atalandiridwa ndi Cornplanter. Iwo sadafulumire za ubatizo. Adayamba ndi sukulu, ulimi wa khasu la ng'ombe ndi ntchito zamanja.

Chaka chotsatira mbale wake wa Cornplanter, Handsome Lake, yemwe adali atadwala kwambiri, adati waona masomphenya. Adayamba kuphunzitsa anthu kusiya mowa ndi ufiti, kusamala mabanja ndi kuleka kugulitsa malo. Chiphunzitso chake chikutsatidwabe mpaka lero.

Choncho pomwe mmishonale wina wa ku Massachusetts, Jacob Cram, adafika ku Buffalo Creek mu 1805 n'kunena kuti njira yopembedzera Mulungu ndi imodzi yokha, adapeza anthu omwe adali ataona zambiri. Yemwe adamuyankha adali Red Jacket.

Malinga ndi zomwe zidasindikizidwa pambuyo pake, Red Jacket adakumbutsa mlendoyo kuti makolo a azungu adafika ali ochepa, akuthawa anthu oipa kwawo, ndipo eni nthaka adawapatsa chimanga ndi nyama. Adati tsopano azungu atenga dziko lonse koma sakukhutirabe, akufunanso kukakamiza chipembedzo chawo. Adafunsa chifukwa chomwe azungu amasiyanirana maganizo pachipembedzo chikhalirecho onse amatha kuwerenga buku limodzi lomwelo.

Potsiriza adati a Seneca ayamba adikira aone ngati ulalikiwo usinthe azungu oyandikana nawo. Ukawasandutsa oona mtima ndi osakonda kubera eni nthaka, adzaiganiziranso nkhaniyo. Mafumu atapita kukatsanzika, akuti Cram adakana kuwapatsa dzanja.

Kirkland adamwalira mu 1808. Sukulu yomwe adayambitsa mu 1793 kuti ana a azungu ndi a eni nthaka aziphunzira limodzi idadzakhala Hamilton College mu 1812, ngakhale kuti ana a eni nthaka omwe adaphunzirapo adali owerengeka. Mfumu ya a Oneida, Skenandoa, idapempha kuti idzaikidwe pambali pa mbusayo, ndipo zidaterodi itamwalira mu 1816. Ena amamukumbukira ngati bwenzi lenileni, pomwe ena amati adathandiza kung'amba nyumba yaitali.

Britain ndi America adamenyananso kuyambira mu 1812. Ulendo uno a Seneca a ku New York adali kumbali ya America, ndipo mu Julayi 1814 adakumana pankhondo ya ku Chippawa ndi abale awo omwe adasamukira ku Canada.

Chikhristu chidalowabe pakati pawo, mpaka m'nyumba ya Red Jacket momwe. Mkazi wake atalowa mpingo, mkuluyu adamusiya kwa kanthawi koma pambuyo pake adabwererana.

Mayeso omwe Red Jacket adanena adadzafika mu 1838, pomwe kampani ina yogula malo idagwiritsa ntchito ziphuphu ndi chinyengo kuti mafumu asaine pangano lopereka malo onse otsala. Mmishonale Asher Wright, yemwe adamasulira mabuku anayi a Uthenga Wabwino m'chilankhulo cha Seneca, adaima ndi anthu ake pamodzi ndi a Quaker. Mu 1842 madera a Allegany ndi Cattaraugus adapulumuka, koma Buffalo Creek idapita.

Lonjezo la ku Canandaigua lidaswedwa poyera m'zaka za m'ma 1960 pomwe boma lidamanga damu la Kinzua. Madzi adamiza maekala pafupifupi 10,000 a malo a Seneca ndipo anthu pafupifupi 600 adasamutsidwa.

Ngakhale zili choncho, a Seneca akadalipo ndipo ali ndi maboma awoawo m'chigawo cha New York. Mu 2021 nyumba yosungiramo zinthu zakale ya ku Buffalo idawabwezera mendulo ija ya Red Jacket. Nsalu zomwe pangano la 1794 lidalonjeza zimabwerabe chaka ndi chaka. Gawo la munthu mmodzi lidachepa kwambiri chifukwa ndalamayo sidakwerepo, koma eni ake safuna kuti mwambowo uthe. Iwo amati nsaluyo ndi umboni woti panganolo likadali ndi moyo, ndipo pa 11 Novembala chaka chilichonse amasonkhana ku Canandaigua kukakumbutsa boma zomwe lidasainira.